Mizere ya pagalasi la foni ndi chulu cha kamera

Lachiwiri lapitali, titaweruka, mtsikana wina wa Fomu 3 anatsalira pakhomo la kalasi atagwira foni ya mayi ake. "Aphunzitsi, amayi akuti muione. Abambo akaimba kuchokera ku Joni ikumangoduka."

Kuno kwa Chowe nkhani yotere si yaing'ono. Makomo ambiri amadalira bambo kapena mnyamata amene ali ku South Africa, ndipo foni ndiyo imanyamula moni, malangizo a kumunda ndi uthenga wa ndalama ya fizi. Mayiwo, nditakumana nawo madzulo, sanabise mawu: "Aphunzitsi, munthu amadula foni pakati pa nkhani ngati palibe amene wamulowera m'nyumba?" Banja linali litayamba kugwedezeka.

Nditafunsitsa ndinamva kuti foniyo inagwa mwezi watha, galasi n'kusweka, ndipo anakaikitsa lina ku Mangochi boma, lotsika mtengo pa onse amene analipo. Ndinaimba nambala yanga, n'kuphimba kumtunda kwa galasi ndi chikhatho. Linayenera kuzima, koma linangoti ngwee, kuwala. Wodula mafoni uja sanali bambo a ku Joni ayi. Linali tsaya la mayiwo, limene limakhudza batani lofiira nthawi iliyonse akaika foni kukhutu.

Pafupi ndi kamera yakutsogolo, mafoni ambiri ali ndi kachipangizo kamene kamatulutsa kuwala kosaoneka ndi maso, kofanana ndi kuja kwa rimoti ya wailesi yakanema. Kuwalako kukagunda khutu n'kubwerera, foni imadziwa kuti mwini wake akulankhula ndipo imazimitsa galasi. Galasi latsopano likapanda kuyenderana bwino ndi kachipangizoko, foni imasiya kuzindikira khutu.

Nkhaniyi ndinaitengera m'kalasi la Physics mawa lake, chifukwa inandipatsa chitsanzo chimene bolodi ndi choko sizikanandipatsa.

Galasi la foni lili ndi timadontho towala tambirimbiri. Mafoni ambiri a Itel ndi Tecno amene tili nawo kuno ali ndi timadontho 720 chopingasa ndi 1,600 chotsika. Ana atachulukitsa anapeza 1,152,000. Kadontho kalikonse kali ndi tizigawo titatu: kofiira, kobiriwira ndi kabuluu. Ndiye kuti tizigawo 3,456,000 tofuna magetsi. Ndinawafunsa: kodi kalikonse mungakakokere waya wakewake?

Akatswiri anachita monga msodzi woluka ukonde. Anayala mawaya opingasa 1,600 ndi otsika 2,160, onse pamodzi 3,760, owonda kuposa tsitsi kangapo. Pamene waya wopingasa wakumana ndi wotsika pali kaswitchi kotchedwa transistor. Foni imatsegula mzere umodzi, n'kutumiza magetsi kudzera m'mawaya otsika, kenako mzere wotsatira, mpaka pansi, ndipo imabwereza zimenezi maulendo 60 pa sekondi imodzi. Maso athu amangoona chithunzi chathunthu.

Vuto linabwera pamene ogula anayamba kufuna galasi lodzaza nkhope yonse ya foni. Kamera ikhala pati? Mu 2017 kampani ya Apple inatulutsa iPhone X yokhala ndi galasi lojemedwa kumtunda kuti kamera ipeze malo. Chakumapeto kwa 2018 Samsung ndi Huawei anayamba kuboola kabowo m'galasi momwemo. Apa ndi pamene ana a alimi anamvetsa msanga. Mukamaunga mizere m'munda n'kupeza chulu pakati, simusiya munda, ndipo simudula mzere. Mumaukhotetsa kuzungulira chulucho n'kukaupitiriza kutsidya. Mawaya nawo amazungulira kabowo ka kamera mothinana, kuti timadontho ta kuseri kwake tisasowe magetsi. Kamkombero kakuda kamene mumakaona kuzungulira kamera kamabisa mawaya amenewa. Komanso waya wokhota ndi wautali kuposa anzake, ndipo wadumpha timadontho tina, choncho opanga amayenera kulinganiza bwino kuti mizere ya pamenepo isawale mosiyana ndi inzake.

Ena anapitirira apo. Mu 2018 kampani ya Vivo inagulitsa foni yowerenga chidindo cha chala kudzera pagalasi, ndipo mu 2020 ZTE inatulutsa Axon 20 5G, imene kamera yake ili kunsi kwa galasi popanda bowo. Kuti kuwala kudutse, pamwamba pa kamera amachepetsapo timadontho kapena kukula kwake, ndipo mawaya a pamenepo amawapanga ndi zinthu zoonekera ngati madzi, monga indium tin oxide. Ngakhale zili choncho, kamera yoteroyo imaona ngati munthu wosuzumira paneti ya udzudzu, ndipo zithunzi zake zimafuna pulogalamu yoziwongola.

Mwina mukuti, zikutikhudza bwanji ife okwera kabaza kutsika mapiri a Chowe? Zikutikhudza m'thumba. Foni ikagwa n'kung'aluka kumtunda, waya mmodzi akaduka, mzere wonse umene amadyetsa umatha kufa. Ndiwo mzere wakuda kapena wobiriwira uja umatsika pagalasi. Mawaya amenewa sawotchereredwa ngati a wailesi. Mankhwala ake ndi galasi lina basi. Wina akakuuzani kuti aukonza ndi kapulogalamu, gwirani ndalama yanu.

Safunsa anadya phula. Mukakasinthitsa galasi, musachoke pabenchi ya wokonzayo musanayese zinthu zinayi. Imbani foni n'kuphimba kumtunda, muone ngati likuzima. Dzijambuleni ndi kamera yakutsogolo, muone ngati mulibe fumbi kapena chifunga. Tsegulani tsamba loyera, mufufuze mizere ndi madontho akuda. Pomaliza yendetsani chala m'makona onse anayi. Ngati foni yanu imatsegulidwa ndi chala pagalasi, funsani kaye ngati galasi latsopanolo likulola zimenezo, chifukwa otsika mtengo ambiri salola. Ndipo galasi lotchingira lija mumamatira pamwamba lisatseke kamera ndi kachipangizo koyandikana nayo.

Sindikunyoza anyamata okonza mafoni. Ambiri anaphunzira poonera anzawo, ndipo amagwira ntchito ndi zida zochepa. Chimene ndikupempha n'chakuti a TEVETA ndi makoleji a ntchito zamanja a m'madera aone luso limeneli ngati mmene amaonera ukalipentala ndi umakaniko. Ifenso aphunzitsi tisamaphunzitse transistor ngati chinthu cha pamayeso a MSCE chokha, pomwe mwana ali ndi mamiliyoni a timaswitchi timeneti m'thumba la mayi ake.

Mayi aja tinawalangiza kuti pakadali pano azilankhula foni ili m'manja, mawu akutuluka pasipika, kapena agule mahedifoni, mpaka ndalama ya galasi labwino itapezeka. Lachisanu mtsikana uja anandipeza pabwalo akumwetulira. Akuti usiku wake makolo ake anacheza ola lathunthu, foni osaduka, ndipo amayi apepesa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikumanenso sabata yamawa.