Ndalama zophunzirira fizikisi zilipo, chosowa ndi uthenga

MULANJE: Kuchokera pamsika wa Chinakanaka kukafika ku Ndata m'boma la Thyolo, komwe kuli sukulu ya ukachenjede ya MUST, si ulendo wautali. Koma mphunzitsi wa fizikisi pasukulu ya sekondale ya m'derali, yemwe ali ndi digiri yoyamba ndipo akufuna yachiwiri, amakanika kaamba ka ndalama. Malipiro ake sangakwanire fizi, ndipo bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, lomwe linakhazikitsidwa mu 2015, limathandiza makamaka a digiri yoyamba.

Komatu mabungwe olipirira maphunziro otere alipo. Sukulu ya AIMS, yomwe inatsegulidwa mu 2003 ku Muizenberg m'dziko la South Africa ndipo ili ndi nthambi ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda, imatenga ophunzira a masamu ndi fizikisi ochokera mu Africa n'kuwalipirira fizi, malo ogona ndi chakudya. Ku Trieste m'dziko la Italy kuli ICTP, yomwe anaiyambitsa Abdus Salam mu 1964. Kumeneko kuli maphunziro a chaka chimodzi okonzekeretsa achinyamata a m'maiko osauka kuti akachite digiri yachitatu, ndipo osankhidwa amalandira ndalama ya ulendo komanso yodyera mwezi ndi mwezi.

Palinso thandizo la Commonwealth lokaphunzira ku Britain, komanso la Beit Trust, lomwe ndi la anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha. Amayi ali ndi mwayi wapadera kudzera ku bungwe la OWSD ndi thumba la Marie Sklodowska-Curie lomwe bungwe la IAEA linakhazikitsa mu 2020.

Nkhaniyi ikukhudza boma chifukwa ntchito zofuna akatswiri a fizikisi zikuchuluka. Dziko la Malawi linalowa mu IAEA mu 2006 ndipo mu 2011 linakhazikitsa lamulo loyang'anira mphamvu za nyukiliya. Makina ochizira khansa pachipatala cha ku Lilongwe amafuna katswiri woyeza mlingo wa cheza chomwe wodwala akulandira, ndipo mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga umafuna anthu otha kuyeza cheza m'madzi ndi m'nthaka. Ku Mulanje komweko, namondwe wa Freddy mu 2023 anaonetsa kufunika kwa akatswiri a zanyengo, pamene magetsi a ku Bondo, opangidwa ndi madzi a mtsinje wa Lichenya, ndi umboni wa phindu la fizikisi kumudzi. Akatswiri a kuno akasowa, boma limalemba a kunja pamtengo wokwera.

Zopinga zambiri n'zazing'ono poyerekeza ndi thandizo lomwe likutayika. Mabungwewa amalengeza mwayi wawo pa intaneti ndipo tsiku lotsekera likadutsa, munthu amadikira chaka china. Wofunsira amafunika pasipoti, chikalata cha magiredi a kukoleji, makalata a umboni ochokera kwa omwe anamuphunzitsa, ndipo kwina amafunanso mayeso a Chingerezi olipira. Wogwira ntchito m'boma amafunikanso chilolezo cha tchuthi cha maphunziro, chomwe chikachedwa malo amapatsidwa kwa wina.

Apa ndi pomwe akuluakulu a m'maofesi ali ndi gawo losalira ndalama zambiri. Ofesi ya zamaphunziro m'boma lililonse ikhoza kutumiza mndandanda wa mabungwewa ndi masiku ake otsekera kwa aphunzitsi aakulu kumayambiriro kwa chaka. Makalata opempha tchuthi akhoza kuyankhidwa potengera tsiku lomwe sukulu yakunja yapereka. Mantha akuti wophunzirayo sadzabwerera amachepa pamene mgwirizano woti adzagwirire boma ntchito ukuyenda limodzi ndi udindo woyenerana ndi maphunziro ake.

Masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu 2021, akutsamira pa migodi, mphamvu za magetsi ndi mafakitale. Akale anati safunsa anadya phula, koma mphunzitsi wa ku Chinakanaka sangafunse za mwayi omwe sanaumvepo. Udindo womudziwitsa uli m'manja mwa omwe amalandira zikalatazi poyamba.