Chindapusa chimene chimaopa mwini golosale

Azakhali anga ndi msungichuma wa banki m'khonde kwathu kuno ku Ntcheu, kumtunda cha ku Tsangano, komwe mbatata ya kachewere ndiyo imalipirira ana fizi. Gulu lawo limakumana Lachinayi, bokosi la maloko atatu lili pakati pa mphasa, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana. Malamulo analembedwa m'kope: wochedwa kufika alipire, wosabweza ngongole pa tsiku lake alipire, ndipo asatsegule pakamwa pa zokambirana mpaka atabweza.

Tsiku lina ndinakhala nawo. Mayi wina, amene tomato wake anavundira pamsika wa Lizulu ogula atasowa, anapempha kuti amudikire masabata awiri. Anamulembera chindapusa pomwepo, nakhala kumapeto kwa mphasa ali duu, chitenje chili kukamwa. Kenaka anafika bambo wa golosale, yemwe ngongole yake inali yaikulu kuposa za onse ndipo inali itagona miyezi inayi. Anaponya kangachepe m'mbale nati, "Yambani mwagwira iyi." Anthu anaomba m'manja. Pobwerera ndinafunsa azakhali chifukwa chake kope lija silinatsegulidwe pa dzina lake. Anandiyang'ana ngati mwana. "Iwe, ameneyo tikamukwiyitsa n'kutuluka, m'bokosimo mutsala chiyani?"

Bungwe la United Nations, la mayiko 193, limayenda chimodzimodzi. Ndime 19 ya malamulo ake imati dziko limene ngongole yake ya msonkho wa umembala yafika pa ndalama za zaka ziwiri zathunthu lilandidwe voti mu msonkhano waukulu wa mayiko onse. Pali kakhomo kothawira: msonkhanowo ukaona kuti dzikolo lalephera pa zifukwa zoposa mphamvu zake, ukhoza kulilola kuvota. Somalia, Comoros ndi São Tomé and Príncipe akhala akudutsira pakhomo pameneka zaka zambiri, chaka ndi chaka kukafotokoza umphawi wawo pamaso pa komiti. Iran ndi Venezuela analandidwapo voti. Pa pepala lamuloli ndi losakondera. Koma taonani amene limawagwira.

America ndiyo imasonkha zambiri, 22 peresenti ya bajeti yoyendetsera bungweli, pamene mayiko osaukitsitsa amayambira pa 0.001 peresenti. Ndiyonso imakhala ndi ngongole yaikulu koposa, osati chifukwa chosowa madola, poti madolawo imasindikiza yokha, koma chifukwa aphungu ake amagwira ndalamazo dala akafuna kuti bungwe livine nyimbo yawo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 inatsala pang'ono kugwa m'mbuna ya ndime 19. Inachita za bambo wa golosale uja, kuponya zongokwanira kuti mzere wa zaka ziwiri usadutsidwe. Mu 2000 mayiko anavomera kuitsitsira msonkho kuchoka pa 25 kufika pa 22 peresenti kuti ibweze zina mwa zotsalazo. Wangongole analandira mphatso. Makolo anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Ku New York, kulikulu la bungweli, mutu waukulu ndiwo umalewa.

Ife Amalawi tiyenera kuidziwa bwino nkhaniyi, chifukwa tinaipeza pakhomo tsiku lomwe tinalowa. Malawi inalandiridwa mu United Nations pa 1 Disembala 1964, pamodzi ndi Zambia ndi Malta. Nthawi imeneyo Soviet Union inali itakana kulipira ndalama za asilikali osungitsa mtendere ku Congo ndi ku Middle East, France nayo inkakana za ku Congo, ngakhale khoti la mayiko onse ku The Hague linali litanena mu 1962 kuti zimenezo ndi ndalama zoyenera kusonkhedwa ndi mamembala. Ndime 19 inayenera kugwira ntchito. Mukudziwa chimene anachita? Anagwirizana kuti msonkhano wonse wa chaka chimenecho uyende popanda kuvota, kuopa kuti pangafike pouza Moscow kuti dzanja lake siliwerengedwa. Dziko lathu, la miyezi isanu yokha chilandirireni ufulu, linakafika ndi dzanja lofuna kukweza n'kupeza akuluakulu atabisa bokosi la mavoti. Mu 1965 America, imene inkaumirira kuti lamulolo ligwire ntchito, inagonja, nkhani inathera pomwepo. Ndipo ngakhale lamulolo likanagwira, silikhudza mpando wa mu Security Council, kumene mayiko asanu akuluakulu ali ndi mphamvu yokana chilichonse. Chilango chimalanda voti imene wamkulu saidalira kwenikweni, pamene kwa wamng'ono ndiyo mbuzi yake yokhayo.

Wina anganene kuti izi n'za kutali, sizikhudza mlimi wa kabichi wa ku Biriwiri. Zimakhudza. Asilikali athu akhala ali kum'mawa kwa Congo pansi pa mbendera ya United Nations kuyambira 2013. Mu Novembala 2018 asanu ndi mmodzi anaphedwa kufupi ndi Beni, mmodzi mwa iwo Chancy Chitete, amene anafa akupulumutsa msilikali mnzake wa ku Tanzania, ndipo mu 2019 bungweli linamulemekeza ndi mendulo yake yapamwamba ya kulimba mtima. United Nations imabwezera dziko lotumiza asilikali madola opitirira 1,400 pa msilikali aliyense pa mwezi. Olemera akachedwetsa msonkho thumba limauma, ndipo odikira malipiro amakhala mayiko otumiza asilikali, ambiri mwa iwo osauka. Ndiye kuti amene wapereka ana ake ndiye akukongozanso amene wakana kupereka ndalama. Palibe ndime imene imalanga zimenezo.

Musandimve molakwa, sindikupempha kuti chilango chichoke. Gulu lopanda chindapusa limatha chaka chisanathe, azakhali angakuuzeni. Ndiponso ife a mu Africa tilibe nkhope yolozera ena chala. Likulu la African Union ku Addis Ababa, lotsegulidwa mu 2012, anatimangira ndi a China, ndipo ntchito zambiri za bungweli zimayendera ndalama za mayiko akunja. Atsogoleri anagwirizana ku Kigali mu 2016 zodula 0.2 peresenti pa katundu wina wolowa m'mayiko awo kuti bungwe lidziimire palokha, koma ambiri sanachite. Mu Novembala 2018 anakhwimitsa zilango: miyezi isanu ndi umodzi osalipira ngakhale theka, ulandidwa mawu pamisonkhano, chaka, uchotsedwa m'maudindo, zaka ziwiri, usapezeke n'komwe. Mu 2020 chikwapu chinagwera South Sudan pa ngongole ya madola pafupifupi 9 miliyoni. Lamulo limeneli lili ndi mano kuposa la ku New York, ndipo ndikuligwirizana nalo.

Chimene ndikukana ndi lamulo losasiyanitsa wolephera ndi wokana. Dziko ngati lathu, limene linaphwasulidwa ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, kwacha n'kugwa ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, pamene msonkho umalipiridwa m'madola omwenso tikuwafuna pa mafuta, feteleza ndi mankhwala, likachedwa ndi mayi wa tomato uja. Wokhala nazo n'kumana dala ayenera kulipira chiwongoladzanja pa mwezi uliwonse umene wachedwa, monga zimakhalira pamphasa, ndipo anthu ake asapatsidwe maudindo m'bungwe mpaka atamaliza. Kusintha malamulo aakulu a United Nations kumafuna chilolezo cha asanu omwe aja, choncho za kuwalanda mpando tiiwale. Koma mayiko 54 a mu Africa akhoza kuiika nkhani ya chiwongoladzanja patebulo chaka chilichonse mpaka itatopetsa.

Kuti tikayankhule zimenezo, kope lathu likhale loyera. Ndalama za gulu la anthu operekeza atsogoleri ku misonkhano ya kunja, mahotela ndi maalawansi awo, sizisowa. Msonkho wa bungwe lomwe akupitakolo usamakhale womaliza pamzere. Aphungu athu a ku Ntcheu kuno akadzuke m'Nyumba ya Malamulo afunse nduna ya zachuma ndi ya zakunja kuti Malawi ndi membala wa mabungwe angati, lililonse timasonkha zingati, tili ndi ngongole kuti, ndipo ndi ati amene tinangolowamo kuti wina azikwera ndege. Mndandandawo auwerenge mokweza, pa wailesi, m'Chichewa.