Fumbi la mabuleki a katapila lisafike pakhomo

Ana anga, sabata ino ndiyankhe mayi wachitsikana wa ku Area 3. Akuti mwamuna wake, makaniko wa ku Old Town, wapeza ganyu yokonza mabuleki a chikatapila chakalekale. Bamboyo akumabwera ovolosi ili mbuu, mayi n'kumaikutumula asanachape, mwana ali kumsana. Akufunsa ngati pali vuto. Lilipo, mwanawe, ndipo si laling'ono.

Katapila alibe chiwongolero ngati galimoto. Dalaivala akafuna kukhota amakoka chitsulo chomasula kilatchi ya mbali imodzi n'kuponda buleki ya mbali yomweyo. Tcheni cha uko chimaima, chinacho n'kukhotetsa makinawo. Buleki imeneyi ndi lamba wachitsulo wokhala ndi mapadi mkati. Mapadiwo akaperepeseka kapena kunyowa ndi oyilo, makina amakana kukhota, ndiye makaniko amatsegula, kuyeretsa ndi kuika ena.

Nkhani yagona pa kuyeretsapo. M'makina a nthawi imene Lilongwe inkamangidwa kuti ikhale likulu mu 1975, mapadi ambiri ankapangidwa ndi asibesitosi, yemwe uja wa m'madenga a nyumba zakale. Fumbi lake lili ndi timaulusi tosaoneka ndi maso, ndipo tikalowa m'mapapo timakhazikika momwemo. Matenda ake, kuuma kwa mapapo ndi khansa, amatulukira patatha zaka 20, 30 ngakhale 40. Chakudza sichiimba ng'oma. Mu 2024 bungwe la WHO lidati anthu oposa 200,000 amafa chaka chilichonse kaamba kopuma fumbili kuntchito. Dziko la South Africa lidaletsa asibesitosi mu 2008.

Tsono inu abambo, musauzire fumbilo ndi pakamwa kapena kompuresa, musalisese louma. Linyowetseni ndi madzi a sopo, pukutani ndi kansanza konyowa, kansanzako ndi mapadi akalewo mumange mu pulasitiki. Valani chotseka mphuno cholembedwa FFP3 kapena P100. Kansalu ka nthawi ya Covid-19 sikathandiza apa. Pogula mapadi atsopano funsani opanda asibesitosi. Musanalowe pansi, tsitsani chikhasu cha kutsogolo chigunde dothi, zimitsani injini, tchingani matcheni. Poyesa mabuleki, ana akhale kutali. Ngati mumasuta, lekani, chifukwa fodya ndi fumbili zikakumana, chiopsezo cha khansa chimakwera kwambiri.

Ovolosi ivulidwire kugalaja komweko, ndipo sambani musananyamule mwana. Inu amayi, ikafika pakhomo musaikutumule. Inyikeni m'madzi nthawi yomweyo, muichape payokha, osaphatikiza ndi matewera kapena mayunifomu a ana. Akazi ndi ana ena m'mayiko akunja adadwala chifukwa cha zovala zantchito zokha, kuntchitoko asanapondeko.

Musachite mantha mopitirira. Kupumako kamodzi si kuti basi mwadwala. Choopsa kwambiri ndi kubwereza tsiku ndi tsiku. Koma amene mwagwira ntchitoyi zaka zambiri, mukamatsokomola osaleka, kubanika kapena kuwonda, pitani ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central. Zizindikirozi zimafanana ndi za TB, choncho adokotala muwauze ntchito imene mumagwira ndi zaka zake.

Kambiranani nkhaniyi usiku uno, mwaulemu, osati mokalipirana. Ganyu ndi yabwino, koma ibweretse ndiwo pakhomo, fumbi litsale kugalaja. Tionane sabata yamawa.