Batire la Mtovu Kapena la Lithiyamu? Mawu a Mzamba kwa Asodzi a ku Chilwa

Ngati muli ndi boti pa nyanja ya Chilwa, kapena amuna anu kaya mwana wanu amagonera m'zimbowera, nkhani ino ndi yanu. Masiku ano batire lasanduka chida cha usodzi monga ukonde ndi nkhafi. Ndilo limayatsa nyali usiku, limatchaja foni yokambirana mtengo ndi ogula matemba, ndiponso limaliza wailesi yomverapo chenjezo la mphepo. Foni yomweyo ndi imene imaitana thandizo mayi akayamba kudwala matenda a uchembere pakati pa usiku, chipatala chili kutali.

M'masitolo tsopano muli mitundu iwiri. Pali batire lomwe tinalizolowera, lolemera lija, lokhala ndi mtovu ndi asidi m'kati. Palinso latsopano, lopepuka, la lithiyamu, lomwe mtengo wake umachititsa munthu kubwerera pakhomo pa sitolo. Maganizo anga ndi awa: pa ntchito ya nyali, foni ndi wailesi, yesetsani kugula la lithiyamu la mtundu wolembedwa kuti LiFePO4, ngakhale zitatengera kusonkherana. Ngati simungakwanitse, gulani la mtovu, koma likafa musaliswe, musalisungunule ndipo musaliponye m'nyanja.

Mwina mukufunsa kuti mzamba akudziwapo chiyani za mabatire. Ine ntchito yanga ndi amayi oyembekezera, makanda, ndi kuphunzitsa anamwino a mawa. Mtovu wa m'batire umathera m'magazi a anthu amenewa, ndiye nkhaniyi yandipeza pa ntchito panga pomwe.

Tiyambe ndi za m'thumba, popeza ndi pomwe msodzi aliyense amayambira. Batire la mtovu silifuna kuligwiritsa ntchito mpaka moto kutheratu. Opanga ake amalangiza kuti mulitchajenso moto ukafika pa theka. Ndiye kuti pa batire lolembedwa 100Ah, gawo lanu lenileni ndi pafupifupi 50Ah. Mukamalikama mpaka nyali kuzima usiku uliwonse, limafooka msanga. Batire la galimoto ndiye limafa msanga koposa, chifukwa linapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa kamphindi poliza injini kenako n'kudzazidwanso nthawi yomweyo. Lomwe limapirirako ndi lolembedwa kuti deep cycle, koma nalonso kawirikawiri limatha mutalitchaja maulendo mazana angapo, mwina 300 mpaka 500.

La LiFePO4 mutha kugwiritsa ntchito magawo 80 kapena 90 pa 100 alionse a moto wake popanda kulipweteka, ndipo labwino limapirira kutchajidwa maulendo oposa 2,000. Choncho la 60Ah limagwira ntchito yofanana ndi la mtovu la 100Ah. Kulemera kwakenso n'kosiyana: la mtovu la 100Ah limalemera makilogalamu 25 mpaka 30, pomwe la lithiyamu la kukula komweko limalemera pafupifupi theka lake kapena kucheperapo. Amene anasenzapo batire pamutu m'matope a ku Swang'oma madzi ataphwera akudziwa tanthauzo la makilogalamu amenewa pa msana wa munthu.

Werengani nokha. Ngati mumalowa m'nyanja masiku 200 pa chaka, batire la mtovu losamalidwa bwino likutumikirani chaka chimodzi ndi theka kapena ziwiri. La lithiyamu, ngakhale titadula pakati zomwe opanga ake amalonjeza, likufika zaka zisanu. M'zaka zisanuzo mudzakhala mutagula mabatire a mtovu atatu, ndipo ulendo uliwonse pa mtengo wokwererapo. Tonse tikukumbukira momwe katundu wochokera kunja anakwerera kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023.

Tsopano za thupi. Mabatire atatu akufa aja amapita kuti? Ena amagonekedwa kuseri kwa nyumba, pomwe ana amasewera. Ena amaswedwa ndi nkhwangwa, asidi n'kutsanulidwa pansi, mtovu n'kusungunulidwa pa makala kuti apange zolemeretsa ukonde kapena augulitse kwa ogula zitsulo. Ena amakatsegulidwa kwa amisiri a pamsika kuti awadzutse. Pa njira zonsezi pamatuluka fumbi ndi utsi wa mtovu, ndipo pa batire limodzi mtovu ndiwo umaposa theka la kulemera kwake konse.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi womwe tingati ndi wosavulaza. Mwana wamng'ono akameza fumbi la mtovu, thupi lake limayamwa kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu, ndipo mukudziwa kuti mwana wokwawa chilichonse amapititsa kukamwa. Mtovu umawononga ubongo womwe ukukula. Mwana amachedwa kulankhula, amavutika kugwira za m'kalasi, amachepa magazi. Ukachuluka amakomoka, ngakhale kumwalira kumene. Chopweteka n'chakuti nthawi zambiri sipaoneka chizindikiro chilichonse mpaka mwanayo atayamba kubwereza makalasi, makolo n'kumati ndi waulesi kapena wamulodza. Ubongo ukawonongeka ndi mtovu subwereranso mwakale.

Kwa amayi nkhani yake ndi yozama. Mtovu ukalowa m'thupi umakabisala m'mafupa kwa zaka zambiri. Mayi akaima, thupi limatenga kashiamu m'mafupa ake kuti limange mafupa a mwana, ndipo mtovu uja umatuluka nawo limodzi, n'kudutsa pa nsengwa kukafika kwa mwana m'mimba. Zotsatira zake zitha kukhala kupita padera, mwana kubadwa wakufa, kubadwa masiku asanakwane kapena wochepa sikelo, komanso kuthamanga kwa magazi kwa mayiyo. Mtsikana wa zaka 12 amene lero akukupizira moto bambo ake akusungunula mtovu, adzanyamula mtovu umenewo mpaka tsiku lomwe adzabwere kwa ife ku sikelo ya amayi oyembekezera.

Izi zinachitikapo kwa asodzi anzanu. Ku Thiaroye-sur-Mer, dera la m'mbali mwa nyanja pafupi ndi mzinda wa Dakar ku Senegal, anthu anakhala zaka zambiri akuswa mabatire akale n'kumapanga zolemeretsa maukonde. Mtengo wa mtovu utakwera, amayi anayamba kusefa dothi la pamalopo kuti atolemo tizidutswa togulitsa, ena akusefera pakhomo, ana ali pambali. Kuyambira kumapeto kwa 2007 kufika kumayambiriro kwa 2008, ana aang'ono 18 anamwalira, ndipo akatswiri atafufuza anapeza kuti chinawapha ndi mtovu. Kwa anansi athu ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana a kumeneko akupezekabe ndi mtovu wambiri m'magazi chifukwa unatsalira m'dothi. Mtovu suola ngati chinyalala china.

Apa ndi pomwe nyanja yathu ikusiyana ndi zina. Nyanja ya Malawi ili ndi mtsinje wa Shire wotulutsa madzi. Chilwa alibe. Mitsinje ya Phalombe, Sombani, Likangala, Thondwe ndi Domasi imangothiramo, ndipo madzi amachoka pouma ndi dzuwa basi. Cholowa m'nyanjayi chimakhala momwemo. Ndi yosaya, ndipo inaumapo mu 1968 ndi mu 1995, n'kuphweranso kwambiri mu 2018. Ikauma, matope a pansi pake amasanduka fumbi louluka ndi mphepo, pena anthu n'kulimapo. Batire lomwe mwaliponya m'madzi lero lidzapezeka pamtunda chaka cha chilala. Mu 1997 nyanjayi inalembedwa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse, koma kufunika kwake kwenikweni timakudziwa ndife, amene timadya matemba, makumba ndi milamba yake.

Pali zifukwa zomveka zomwe asodzi amapereka pokana lithiyamu, ndipo sindikuzipeputsa. Choyamba ndi mtengo. Kawirikawiri limadula kawiri, katatu kapena kuposerapo, ndipo msodzi wogwira matemba a tsiku limenelo alibe ndalama zoterozo nthawi imodzi. Yankho langa ndi lakuti musapite kwa akatapila. Mutu umodzi susenza denga. Banki mkhonde, gulu la asodzi la pa doko kapena Mphakati utha kugula batire limodzi mwezi uno, lina mwezi wa mawa, mpaka aliyense atalandira. Nthawi yoyambira kusunga ndi pomwe nsomba zikugwidwa, osati miyezi ya dzinja yomwe makoka amaletsedwa.

Chachiwiri, ena amati nanga nyanja ikauma, ndalama zija sizilowa m'madzi? Batire silili ngati ukonde. Nyanja ikaphwa mumapita nalo kunyumba, n'kulilumikiza ku sola, ana n'kumawerengera, inu n'kumatchajitsa mafoni a anthu pa ndalama. Lithiyamu amapiriranso kukhala miyezi osagwira ntchito, bola mulisiye ndi moto pafupifupi theka, pomwe la mtovu likangokhala lopanda moto limawonongeka.

Chachitatu ndi moto, ndipo apa mverani bwino. Si lithiyamu yense amene ali wofanana. Pamsika pamapezeka timabokosi tokongola tomwe m'kati mwake muli timabatire takale ta m'malaputopu tolumikizidwa mwachisawawa. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Totereti titha kuyaka tikatenthedwa, tikaboowoka kapena tikanyowa, ndipo moto wake ndi wovuta kuzimitsa. M'chimbowera cha udzu pakati pa nyanja mulibe kothawira. LiFePO4 ndi mtundu wovuta kuyaka poyerekeza ndi inayo, koma nawonso uyenera kukhala ndi kachipangizo kotchedwa BMS, komwe kamadula moto batire likadzaza, likatheratu kapena waya zikagundana. Safunsa anadya phula. Funsani wogulitsa akuonetseni pomwe palembedwa LiFePO4 ndi BMS, akupatseni lisiti ndi chikalata cholonjeza kukusinthirani likawonongeka msanga, ndipo akuuzeni ngati tchaja kapena kontirola ya sola yanu ikugwirizana nalo. Akamazemba mafunso amenewa, tulukani. Mukagula, liikeni m'bokosi losalowa madzi, pamthunzi, pamwamba pa madzi a m'boti, kutali ndi mafuta a injini. Likatupa, likang'aluka kapena likamira, lekani kuligwiritsa ntchito ndipo musaliponye pamoto.

Pali malo amodzi omwe batire la mtovu likadali loyenera. Ngati injini ya boti lanu imalizidwa ndi kiyi, pitirizani ndi batire lomwe opanga injiniyo analamula, chifukwa lithiyamu wosayenera atha kuwononga mbali yotchajira ya injini. Koma batire limenelo likhale la injini yokha. Nyali ndi mafoni zikhale ndi lawo.

Kwa inu amene mukhalebe ndi la mtovu, nazi zopempha zanga. Litchajireni panja kapena pamalo podutsa mphepo, kutali ndi mbaula, nyali ya parafini ndi fodya, chifukwa potchaja limatulutsa mpweya wophulika. Musalilowetse m'chipinda chogona. Mukaligwira sambani m'manja ndi sopo musanadye kapena kunyamula mwana. Asidi akakugwerani pakhungu kapena m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 20, musapakepo mafuta, dzira kapena mankhwala otsukira mano, kenako thamangirani kuchipatala. Likafa, lisungeni lathunthu, loimirira, pomwe ana ndi mvula sizifika, ndipo pokagula lina funsani ngati sitoloyo imalandira akale. Zolemeretsa ukonde pangani ndi miyala, dongo lowotcha kapena simenti, monga ankachitira makolo athu. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asayandikire pomwe akukonza mabatire, ndipo ngati pakhomo panu pamachitika ntchito imeneyi, muuzeni namwino ku sikelo. Dziwaninso kuti mwana wanjala kapena wochepa magazi ndiye amayamwa mtovu wambiri. Musagulitse matemba onse. Odya ndi minga yomwe amapatsa mwana kashiamu ndi ayironi zomwe zimachepetsa mtovu wolowa m'thupi.

Mawu otsiriza apite kwa atsogoleri. Makomiti a pa madoko, mafumu, alangizi a za usodzi ndi alangizi a zaumoyo amakumana kale pa nkhani za maukonde oletsedwa ndi kolera. Onjezanipo nkhani iyi. Doko lililonse likhale ndi kanyumba kokhoma, kofolera bwino, kosungiramo mabatire akufa, a mtovu paokha, a lithiyamu paokha, kufikira atatengedwa ndi odziwa kuwasamala. Pakhale lamulo la pamudzi loletsa kusungunula mtovu pakati pa nyumba za anthu. Mabungwe amene amagawa kapena kukongoza zipangizo za sola m'dera lino anene poyera komwe batire lidzapite likatha, asanatsitse katundu wawo m'galimoto. A Khonsolo ya Phalombe ndi a Malawi Bureau of Standards atithandize kuona kuti zolembedwa pa mabatire a pamsika n'zoona.

Inu abambo, tsiku lomwe mudzaime pa sitolo ndalama zili m'manja, werengani zaka zomwe batirelo likutumikireni, kenako dzifunseni komwe lidzagone likafa, ndi mwana wa ndani amene adzakhale akusewera pamenepo.