Musagule purosesa cifukwa ca nambala imodzi

Purosesa yatsopano ikangolengezedwa, magulu a pa WhatsApp amadzala ndi zithunzi za zotsatila za Geekbench ndi Cinebench. Aliyense amaloza nambala ya single-core, akuti yaikulu ndiyo yapambana. Ine ndikuti tiyambe tadekha.

Nambalayi ili ndi nchito yake. Imaonetsa liwilo la core imodzi ikamagwila yokha, ndipo zambili zimene timacita pa kompyuta tsiku lililonse zimadalila liwilo limeneli. Koma mayeso alionse amapima nchito yakeyake. Cinebench imapanga cithunzi ca 3D, siisewela gemu.

Onani Ryzen 7 5800X3D ya AMD, imene inatuluka mu 2022. Imafika 4.5 GHz pamene 5800X imafika 4.7 GHz, ndipo pa single-core ya Cinebench imatsalila kumbuyo. Koma m'magemu ambili imaisiya 5800X, cifukwa ili ndi cache ya 96 MB, inzakeyo 32 MB cabe. Wosewela magemu amene anatsatila Cinebench yokha anasankha molakwika.

Cinanso, musayelekezele nambala ya Geekbench 5 ndi ya Geekbench 6, ni masikelo osiyana. Ndipo woyesayo mwina anali ndi RAM yothamanga ndi cooler yodula. Inu muli m'cipinda ca malata mu October, ndipo purosesa ikatentha imacepetsa liwilo yokha.

Musanatulutse makwacha anu, funani mayeso a pulogilamu kapena gemu imene mumatsegula kwambili. Nambala zina zonsezo zibwele pambuyo.