Wogulitsa matabuleti, tamvera kuno

Inu anyamata a mataye amene mukuzungulira m'masukulu muno m'Kasungu ndi zikwama za matabuleti, bwerani ndikutsineni khutu.

Mumathamangira ku ofesi ya maphunziro pa boma, nkumati basi mwamaliza. Ayi ndithu. Sukulu ya kwa Santhe kapena kwa Wimbe ili ndi a PEA, ahedi, komiti ya makolo ndiponso amfumu. Mukawalumpha amenewa, katundu wanuyo adzagona m'kabati mpaka mphemvu zitamangamo mudzi.

Tsono funso loyamba la ahedi silikhala la masamu. Amafunsa kuti: tizitchaja pati? Magetsi a ESCOM sadafike m'masukulu ambiri akumudzi. Nchifukwa chake pulogalamu ya BEFIT, imene boma lidayamba mu 2023 mogwirizana ndi Imagine Worldwide, VSO ndi onebillion, idabweretsa matabuleti pamodzi ndi sola. Nanga inu sola yanu ili kuti? Tabuleti ikafa, akonze ndani, mphunzitsi wa Sitandade 2?

Za nyengonso. Musabwere mu Januwale anthu akulira feteleza ndi ufa. Sukulu zapulaiveti zimaona ndalama makolo akagulitsa fodya pa Chinkhoma. Ndikadakhala ine, ndikadafika mu Juni, sola ili pa kaliyala.