Nsomba zothawa m'zikwere zikusintha mtundu wa salmon ku Norway

M'mwezi wa February 2025, nsomba za salmon pafupifupi 27,000 zinathawa m'zikwere za kampani ya Mowi kumpoto kwa Norway, ndipo kampaniyo inalonjeza makrona 500 pa nsomba iliyonse yogwidwa. Nkhawa ya akatswiri inali pa mitsinje, kumene nsomba zoweta zimakaswana ndi zachilengedwe.

Kuzindikira nsomba yothawa kumene sikuvuta. Zipsepse zake zimakhala zoperepeseka, ndipo mizere ya pa mamba ake imatalikirana mofanana chifukwa inkadyetsedwa chaka chonse, pamene ya mumtsinje imaonetsa nyengo ya chakudya ndi ya njala. Koma mwana wake, woswedwa mumtsinje, alibe zizindikiro zimenezi. Umboni umatsala mu DNA mokha.

Chiyambire zaka za m'ma 1970, alimi a ku Norway akhala akusankha nsomba zokula msanga, kotero majini a nsomba zoweta anasiyana ndi a makolo ake. Asayansi amayeza kusiyanako pa kachidutswa ka chipsepse, n'kuyerekeza ndi mamba akale amene anasungidwa ulimiwu usanafalikire. Kafukufuku wa bungwe la NINA wa mu 2016, wokhudza mitsinje 147, anapeza kuti pafupifupi 6 peresenti ya chibadwa cha nsomba za m'mitsinje inachokera ku zoweta, ndipo penapake inafika 42 peresenti.

Zotsatira zake n'zoopsa. Pa mtsinje wa Burrishoole ku Ireland zinapezeka kuti ana a nsomba zoweta amakula msanga n'kulanda malo, koma ochepa kwambiri ndiwo amabwerako ku nyanja kudzaswana. Mu 2021 Norway inaika salmon yachilengedwe pa mndandanda wa zamoyo zofunika kutetezedwa.

Nkhaniyi si yachilendo m'chigawo chathu. Ku Zambia, nsomba ya Nile tilapia yochokera m'maiwe a alimi inaswana kale ndi mitundu ya mumtsinje wa Kafue, ndipo mu 2013 asayansi analengeza kuti inapezeka m'dera la ku Tanzania limene madzi ake amathira mu nyanja ya Malawi, kwawo kwa chambo. Norway ikutha kuyeza kuonongekaku chifukwa inasunga mamba akale. Maiko amene akukulitsa ulimi wa m'zikwere osasunga zitsanzo za nsomba zawo lero adzasowa poyerekezera mawa.